Mbalame ya Mutu Wobiriwira

Mukatchula dzina la Chiradzulu, anthu ambiri amaganiza za John Chilembwe ndi mpingo wake wa ku Mbombwe. Ena amakumbuka Magomero, kumene amishoni oyamba anamanga misasa yawo mu 1861, pamene oyenda pa minibasi amangokumbuka fumbi la miyala la pa Njuli. Koma kunja kuno kuli mabuku ena, olembedwa m'Chingerezi chosakaniza ndi Chilatini, momwe dzina la phiri lathuli limapezeka pa chifukwa chimene ife eni phiri sitinaphunzitsidwe kusukulu. M'mabuku amenewo Chiradzulu ndi kwawo kwa mbalame ina yokongola, ya mutu wobiriwira ngati ndere, mimba yachikasu, mapiko otuwa ngati phulusa ndi mlomo wofiira psuu. Akatswiri amaitcha Oriolus chlorocephalus, ndipo liwu lachiwirilo ndi la Chigiriki, tanthauzo lake "mutu wobiriwira". Mbalameyi imapezekanso pa phiri la Gorongosa ku Mozambique ndi m'nkhalango zina za ku Tanzania ndi Kenya, koma yoyamba kulembedwa m'buku inaphedwa pa phiri lomweli limene timaliona tikatuluka m'maofesi a pa Boma.

Nkhani yake inayenda motere. Mu 1891 Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda m'dziko muno, anabwera ndi bambo wina wa ku Scotland dzina lake Alexander Whyte. Bamboyu anali atakhalapo zaka zambiri ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, ndipo pofika kuno n'kuti akuyandikira zaka 60. Ntchito yake inali yotolera chilichonse chomera kapena chopuma: masamba, maluwa, mbewa, njoka, agulugufe ndi mbalame. Ndiye anayambitsa munda wa mitengo ndi maluwa wa ku Zomba, ndipo mkungudza wa ku Mulanje mpaka lero umasenza dzina lake m'Chilatini, Widdringtonia whytei. Mu 1895 Whyte anakwera phiri la Chiradzulu, lomwe nsonga yake ili mamita 1,773 kuchokera pa nyanja ya mchere. Tisaiwale kuti chaka chomwecho asilikali a Johnston anali kuthira nkhondo mafumu a Chiyao monga Kawinga ndi Jalasi, ndipo mu Disembala Mlozi ananyongedwa ku Karonga. Mfuti yowombera mbalame ndi mfuti yowombera anthu zinkalipiridwa ndi bwana mmodzi. Ndikayang'ana kukongola kwa zithunzi za nthawi imeneyo, mfundo iyi imakana kuchoka m'mutu mwanga.

Mbalame ikagwa, ankaisenda mosamala ngati akuvula mwana malaya, kusiya khungu ndi nthenga zake, mlomo ndi miyendo. M'katimo ankapakamo mankhwala oletsa kufumbwa n'kulongamo thonje. Kumwendo ankamangako kapepala kolembapo malo, tsiku, ndi mtundu wa diso, mlomo ndi miyendo, pakuti zimenezi zimafwifwa msanga mbalame ikangofa. Kenako mabokosi ankakwera pamitu ya amtengatenga kutsikira ku Shire, n'kukwera sitima za pamtsinje mpaka ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, n'kuwoloka nyanja ulendo wa ku London. Kumeneko zikopa za ku Chiradzulu zinafika m'manja mwa George Ernest Shelley. Okonda zolembalemba mudzakondwa kumva kuti ameneyu anali mwana wa mchimwene wake wa mlakatuli Percy Bysshe Shelley. Iye ndiye anapereka dzina lija, m'nkhani imene inatuluka mu 1896 m'magazini ya akatswiri a mbalame yotchedwa The Ibis.

Mawu okha sakwanira kufotokoza mbalame. Panafunika chithunzi, ndipo makamera a nthawiyo sankatha kugwira mitundu. Ntchitoyo anaipatsa John Gerrard Keulemans, Mdatchi wobadwira ku Rotterdam mu 1842 amene anakhazikika ku England n'kujambula mbalame zikwi zingapo asanamwalire mu 1912. Keulemans anali atafikako ku zilumba za kumadzulo kwa Africa ali mnyamata, koma ku Chiradzulu sanapondeko. Patebulo pake panali chikopa chouma, chogona chagada, miyendo yopingasa, m'malo mwa maso muli thonje. Kuchokera pa mtembo umenewo anadzutsa mbalame yamoyo, yotera pa nthambi, yooneka ngati ikumvetsera china chake. Ndi luso limene munthu ungalichitire nsanje.

Koma apa ndi pamene pali nkhani imene inandigwira mtima kwambiri. Keulemans sankajambula papepala limene owerenga ankalandira. Ankajambula pa mwala wosalala ndi choko chamafuta, ndipo ankajambula motembenuza, chakumanja kukhala kumanzere, monga momwe chidindo chimakhalira. Osindikiza ankanyowetsa mwalawo ndi madzi n'kupakapo inki. Popeza madzi ndi mafuta sizigwirizana, inki inkamata pokhapokha pamene padutsa choko. Pepala likapanikizidwa pamwalapo linkatuluka ndi mbalame yakuda ndi yotuwa, yopanda chikasu ngakhale kubiriwira kulikonse. Mitundu inkabwera pambuyo, ndi manja. Mmisiri ankapaka pepala limodzi kuti likhale chitsanzo, ndipo anthu ena olembedwa ganyu ankakhala pansi ndi timabulashi ndi utoto wosungunula ndi madzi, kukopera chitsanzocho pepala ndi pepala mpaka makope onse a magaziniyo atakwana. Ena ankadontheza kautomoni padiso kuti liziwala. Mayina a anthu amenewa sapezeka pansi pa chithunzi, monganso mayina a amene anasenza mabokosi kutsika phiri lathu. Palembedwa dzina la Keulemans, la kampani yosindikiza, ndi la mbalame.

Zikutanthauza kuti chithunzi chilichonse cha mbalameyi chimene chinatuluka mu 1896 chinali kale chokopera pamanja. Mukaika makope awiri pamodzi mudzapeza kuti pena chikasu chapsa kwambiri, pena chapepuka, malinga ndi dzanja ndi kutopa kwa wopakayo. Ndi mmene zinaliri ngakhale ndi buku lotchuka la John James Audubon la mbalame za ku America, la zithunzi 435, limene linasindikizidwa pakati pa 1827 ndi 1838, lomwe kope lake limodzi linagulidwa ku London mu 2010 pa mtengo woposa mapaundi 7 miliyoni. Masiku ano ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amadya ndi ntchito yokopera zithunzi zakalezi ndi bulashi, n'kumagulitsa kwa ofuna kukongoletsa pabalaza. Kwa ogulawo, mbalame ya ku Chiradzulu kapena ya ku Brazil n'chimodzimodzi, bola mtundu wake ugwirizane ndi makatani.

Ine chithunzi cha Keulemans ndinachionera pa foni ya mwana wa mlongo wanga, pakuti mabuku akale otere anajambulidwa tsamba ndi tsamba n'kuikidwa pa intaneti kuti aliyense aone kwaulere. Ndinakachisindikiza pa kashopu kena, koma makina ake inki inali ikutha, moti mutu wa mbalame unatuluka wodera ngati ndiwo za dzana. Apa ndi pamene ndinaganiza zopita kwa mmisiri wolemba zikwangwani. Pa Boma lililonse m'Malawi muno amakhalapo munthu wotere. Ndi iye amajambula ng'ombe yonenepa pakhoma la butchala, mitu ya anyamata ometa bwino pa malo ometera, chambo pa lesitilanti ndi chitsononkho cha chimanga pa chigayo. Sitimutcha katswiri wa zojambula, timangoti "uja wa zikwangwani", ngakhale kuti nyama zambiri zojambulidwa zimene mwana wa kumudzi amaona asanatsegule buku zimachokera m'manja mwake.

Wathuyu ndi bambo wa zaka za m'ma 50, wosalankhulalankhula. Anayang'ana pepala lija nthawi yaitali, nayang'ananso pa foni, kenako anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, mbalame iyi ndimaidziwa. Ndaiphapo ndi legeni ndili mwana. Imabwera m'mikuyu, nthawi zina m'mango momwe. Koma mutu wake ndi wakuda bii. Mzunguyu analakwitsa, kapena utoto wake unasuluka ndi zaka."

Ndinawauza kuti ya mutu wakuda ilipodi, ndipo ndi yofala pafupifupi m'dziko lonse lino, koma iyi ndi mbale wake. Sanakhutire. Anati iwo akhala moyang'anana ndi phiri limeneli moyo wawo wonse, nanga munthu wa ku London, amene sanamwepo madzi a kuno, angawaphunzitse mbalame za kwawo? Kunena zoona funso lawo linali lomveka, ndipo ndinalikonda. Takhala tikuuzidwa zambiri za ife eni ndi anthu ongodutsa, ndipo si zonse zinali zoona. Komabe pa nkhani iyi wa ku London uja anali ndi mbalameyo m'manja, pamene mmisiri wanga anali ndi chikumbumtima cha mbalame ina. Anavomera ntchitoyo monyinyirika. "Ndipaka mmene mukufunira, ndalama ndi zanu. Koma anthu akamaseka musanene kuti ndine."

Ndinkapitako madzulo aliwonse ndikaweruka. Anatenga kabolodi, nakakwecha ndi sandipepa, napaka penti woyera kawiri. Papepala langa analembapo timabokosi ndi pensulo, nalembanso timabokosi tokulirapo pabolodi, n'kuyamba kusamutsa mbalame bokosi ndi bokosi. Penti wake anali wamafuta, yemweyu wa zitseko ndi mawindo, wa m'tizitini ting'onoting'ono, wosungunula ndi thinala kapena palafini thinala akasowa. Penti ameneyu ndi wamwano. Sadziwa kupepuka ngati utoto wamadzi, amawala ngati galimoto yatsopano, ndipo wobiriwira wa m'sitolo ndi uja wa mpanda wa sukulu. Kuti apeze kubiriwira kwa ndere anasakaniza wachikasu, kadontho ka wakuda ndi kadontho ka wofiira pa chivindikiro cha ndowa, kuyesa pa katoni, kudikira kuti uume, n'kuyambiranso. Zinamutengera masiku awiri. Bulashi yopyapyala yolembera nthenga analibe, choncho anaipanga yekha ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi womangirira ku kamtengo. Edward Saidi Tingatinga, amene anayambitsa kajambulidwe kotchuka ka nyama ku Dar es Salaam mu 1968, nayenso anayamba ndi penti wa njinga pa zidutswa za mabolodi a kudenga. Kusowa zipangizo si kwachilendo kwa amisiri a kuno.

Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinali nditayang'ana chithunzi chija kambirimbiri pa foni, koma zambiri ndinaziona mmisiriyo atayamba kukopera. Ndi iye anandionetsa kuti chikasu cha kumimba chimakwera n'kuzungulira khosi ngati mkanda, kulekanitsa kubiriwira kwa mutu ndi kwa msana. Ndi iye anaona kuti kutuwa kwa mapiko si kumodzi, kuti nthenga iliyonse ili ndi m'mphepete mwake. Munthu wojambula ndi foni amatha ntchito m'kuphethira kwa diso, koma wokopera ndi bulashi sangadumphe nthenga, iliyonse ayenera kuifunsa kumene yachokera ndi kumene ikupita. Tsiku lachinayi anandiuza, osandiyang'ana, kuti mbalame ya mutu wakuda ija ili ndi kachigamba koyera paphiko, ndipo pa iyi sakukaona. "Mwina ndi ziwiridi," anatero, napitiriza kupaka.

Pena anakana kumvera Keulemans, ndipo ndinamusiya. Anati zala za mbalame yamoyo zimafinya nthambi mwamphamvu kuposa mmene zinkaonekera papepala langa, choncho anazipinda pang'ono. Nthambi ya pachithunzi anati saidziwa mtengo wake, naikapo ya mkuyu ndi nkhuyu zitatu, poti mbalame za mtundu umenewu zimakonda nkhuyu ndi mbozi za m'masamba. Okonda zinthu zakale akhoza kunena kuti pamenepo anaononga, kuti kukopera ndi kukopera basi. Ine ndikuona mosiyana. Keulemans analandira chikopa chopanda mtengo, ndipo nthambi anachita kuiganizira ali ku England. Ngati pali munthu amene anali ndi ufulu wosankha nthambi, ndi uyu amene anakwerapo mikuyu ya m'tsinde mwa phirili.

Bolodi litayanikidwa pakhonde, odutsa anayamba kuima. Ana a sukulu anati ndi chinkhwe, poona kubiriwira ndi mlomo wofiira. Mayi wina wogulitsa tomato anati ndi mpheta yonenepa. Anyamata a kabaza anagwirizana ndi mmisiri kuti mutu unayenera kuda. Mwa anthu onse amene anaima pakhondepo masiku amenewo, mmodzi yekha ndiye anaizindikira, gogo wina amene kale ankagwira ntchito yolondera nkhalango. Anaima atatsamira ndodo, nayang'ana, kenako anaimba kaluzu kofewa, konga madzi akutuluka m'botolo. Anati imeneyo sinkatsika kumidzi. Inkakhala pamwamba penipeni pa mitengo italiitali ya ku Lisau, kumene dzuwa silinkafika pansi, ndipo munthu unkaimva kakhumi usanaione kamodzi. Mmisiri anafunsa kuti, "Nanga agogo, munaimva liti komaliza?" Gogoyo anawerenga ndi maulamuliro, monga achitira achikulire, nati n'kuti Kamuzu adakali pampando.

Umboni wa gogo mmodzi si kafukufuku, koma ukugwirizana ndi zimene maso athu akuona. Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, amene anayenda m'nkhalango za m'mapiri a dziko lino m'zaka za m'ma 1980 n'kutulutsa buku la The Birds of Malawi mu 2006, anapeza mbalameyi m'mapiri owerengeka okha a kumwera kuno. Kuchokera nthawi imeneyo nkhalango ya pa phiri la Ndirande inatha m'zaka za m'ma 1990, ya pa phiri la Thyolo inatsatira, ndipo ya Chiradzulu yatsala zigamba. Mbalame ya mutu wakuda imapirira, imakhala ngakhale m'mitengo ya pabwalo la tchalitchi. Ya mutu wobiriwira imafuna nkhalango yowirira, ndipo nkhalango ikapita ilibe kothawira. N'chifukwa chake mmisiri wanga, munthu wa maso akuthwa chotere, ankaikana. Yofala ija inalowa m'malo mwa yosowayo m'mitengo, kenako inalowanso m'malo mwake m'mitu yathu.

Sindikufuna kuloza chala mayi wosenza nkhuni kapena mnyamata wotentha makala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma lino, lomwe ndi limodzi mwa maboma aang'ono kwambiri m'Malawi, anthu oposa 450 pa sikweya kilomita iliyonse. Onsewa amafuna pophikira, polima ndi njerwa zootcha. Munthu amene ana ake agona ndi njala simungamuuze za mbalame ya dzina la Chilatini. Komanso tonse tikukumbuka Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Likoswe. Achikulire anati ndi napolo. Mitengo imene mbalame ija inkaimbamo ndi yomweyo imene mizu yake inkagwira dothi la m'mapiri.

Ndikaima pa Boma n'kuyang'ana kum'mawa, ku chigwa cha Phalombe, ndimakumbukanso nyama ina. Chaka chomwecho cha 1896, ku London komweko, nyumbu ya m'chigwa chimenechi inapatsidwa dzina la Johnston, Connochaetes taurinus johnstoni. Pasanathe zaka 40 inali itatha m'Malawi muno. Ofuna kuiona lero amapita ku Niassa ku Mozambique kapena kumwera kwa Tanzania, apo ayi amatsegula mabuku akale onga The Book of Antelopes la Philip Sclater ndi Oldfield Thomas, lomwe zithunzi zake 100 zinapakidwanso utoto pamanja. Zikopa za mbalame za ku British Museum, kumene zotolera za Whyte zinaperekedwa, anazisamutsira ku tauni ya Tring m'zaka za m'ma 1970, ndipo zimasungidwa m'makabati otsekedwa bwino, mopanda chinyezi ndi njenjete. Chikopa chasamalidwa zaka zoposa 125, pamene nkhalango imene chinachokerako sitinathe kuisamala. Pamenepa mtima wanga umagawikana. Anatenga popanda kupempha, m'chaka cha nkhondo, n'kulembapo mayina awo. Koma akanapanda kutenga, ine ndi mmisiri wanga tikanakopera chiyani?

Pali amene anandifunsa chifukwa chimene sindinangopita ku Limbe kukasindikiza chithunzicho pa makina abwino, zomwe zikanatha tsiku limodzi ndipo mitundu ikanafanana ndendende. Yankho langa ndi lakuti pepala la pa makina likanalowa m'nyumba mwanga osadutsa m'maso mwa munthu wina aliyense wa pa Boma pano. Bolodi lija linakhala pakhonde sabata yathunthu, linayambitsa mikangano, linaimitsa gogo amene anatiimbira kaluzu kamene Keulemans sanakamvepo. Makolo athu ku Chongoni, ku Dedza, ankajambula zilombo pamiyala ndi dothi loyera pophunzitsa anamwali, ndipo mibadwo inkabwereza kujambula pamwamba pa zakale. Kubwereza ndi dzanja chinthu chimene wina anajambula kale si ntchito yonyozeka kwa ife, ndipo monga taonera, sinali yonyozeka ngakhale ku London.

Tsiku lokatenga bolodi langa tinakambirana za dzina loti lilembedwe pansi. Ine ndinkafuna la Keulemans ndi chaka cha 1896. Mmisiri anavomera, nalemba ndi zilembo zake zopendekera zija za pa zikwangwani, kundifunsa kawiri kalembedwe kake poti dzinalo linkamupinda lilime. Atatha anapukuta bulashi, naviika mu penti wofiira, ndipo m'munsi mwake analembamo dzina lake ndi nambala yake ya foni, monga amachitira pa khoma la butchala lililonse. Ndinafuna kudandaula, koma ndinakumbuka opaka utoto aja a mu 1896 amene sanaloledwe kulemba chilichonse, ndipo ndinakhala chete.

Nambalayo inagwira ntchito. Patapita miyezi iwiri mwini golosale ina ya pa msewu wopita ku Njuli, amene anaona bolodilo kwathu, anamuitana kuti akamujambulire mbalame yomweyo pakhoma, yaikulu ngati mbuzi, pambali pa mitengo ya shuga ndi sopo. Ulendo uno mmisiri sanafune pepala langa kapena foni. Anajambula za m'mutu. Mlomo unatalika pang'ono, nkhuyu zinakhala zisanu, ndipo kumbuyo anaikako phiri la Chiradzulu lili ndi mitengo mpaka pansi. Mutu anausiya wobiriwira, ndipo ndamva kuti ogula akamufunsa mwini golosale chifukwa chake sunade, amawatumiza kwa wa zikwangwani kuti akawafotokozere.